Miyala yakugwa kuchokera kumwamba: mugule, musake, muchite nayo malonda kapena musese padenga?

M'kabati yanga muli kabokosi kapulasitiki, ndipo m'kabokosimo muli kamwala kakuda kosaposa njere ya nzama. Malume anga atakaona anakatembenuza kawiri n'kuseka. "Mphwanga, ndalama zikukuyabwa eti? Miyala yotereyi yangoti mbwee kudambo kwathu." Ndinawapatsa kapepala kamene kamakhala pansi pa kamwalako. Palembedwa kuti Chelyabinsk, Russia, 15 Febuluwale 2013, magalamu 2.3. Ndinawafotokozera kuti m'mawa wa tsiku limenelo chimwala chotalika pafupifupi mamita 20 chinaphulika m'mlengalenga pamwamba pa mzinda, mawindo anasweka, anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri mwa iwo ndi magalasi, ndipo kanthu kali m'dzanja mwawoka n'kachibenthu ka chimwalacho. Anakabweza m'bokosi ndi manja awiri.

Mwala unali womwewo. Chimene chinawasintha maganizo ndi kapepala. Aliyense wofuna kulowa m'chizolowezi chosonkhanitsa miyala yakuthambo, imene asayansi amati meteorite, ayambe wamvetsa zimenezi, chifukwa njira zonse zimene ndiziyerekeze pano ndikuziyeza ndi muyeso umodzi: pamapeto pake mudzadziwa kuti mwala wanu ndi chiyani, unagwa kuti, unatoledwa liti ndipo anautola ndani? Ndalama, nthawi ndi malamulo zikubwera pambuyo pa funso limenelo.

Miyalayi ili m'magulu atatu. Yochuluka kwambiri, yoposa 90 pa 100 iliyonse imene anthu amaiona ikugwa, ndi yamwala weniweni, ndipo yambiri mwa imeneyi imatchedwa chondrite chifukwa m'kati mwake muli timibulu tating'ono ngati mapira. Gulu lachiwiri ndi lachitsulo chosakanikirana ndi nickel. Lachitatu, losowa kwambiri, ndi la chitsulo ndi mwala pamodzi. Yambiri ndi zibenthu za ma asteroid, zimiyala zimene zimazungulira dzuwa, ndipo msinkhu wake umafika zaka 4.5 biliyoni; yowerengeka chabe ndi imene inachokera ku Mwezi ndi ku Mars.

Kugula

Iyi ndiyo njira yachidule, ndipo kwa ongoyamba kumene ndi imene ndimaiika patsogolo, ngakhale ilibe ulemerero. Mwala wakuthambo sungauphunzire pa zithunzi. Uyenera kuugwira, kumva kulemera kwake, kuona khungu lakuda lopyapyala limene limapangika kunja mwalawo ukamapsa podutsa mumpweya. Ukagwirapo umodzi weniweni, miyala yabodza yambiri umaikana usanaitole n'komwe.

Koma kugulako kuli ndi mphambano zake. Yotsika mtengo kuposa yonse ndi imene imagulitsidwa ndi zilembo za NWA popanda nambala. NWA ndi chidule cha Northwest Africa: miyala imene abusa a ngamila ndi osaka ena amatola m'chipululu cha Sahara n'kukagulitsa m'matauni a ku Morocco monga Erfoud ndi Rissani. Imagulitsidwa pa galamu, ndipo wamba wosayezedwa ku labotale galamu yake nthawi zambiri siposa dola imodzi kapena ziwiri. Ndi miyala yeniyeni, yabwino kuphunzirira, ndipo mutha kuipala ndi tupa mtima uli m'malo. Vuto lake ndi lakuti mbiri ilibe. Palibe akudziwa dera limene unatoledwa, nthawi zina ngakhale dziko lake.

Kenako pali miyala yamayina. Mwambo wake ndi wakuti mwala umatenga dzina la malo apafupi ndi pamene unagwa kapena kupezeka, ndipo dzinalo limavomerezedwa ndi komiti ya bungwe la Meteoritical Society n'kulembedwa m'kaundula wotchedwa Meteoritical Bulletin Database, amene aliyense atha kumutsegula pa intaneti kwaulere. Musanalipire kanthu, lembani dzinalo mmenemo. Mudzaona mtundu wa mwalawo, chaka, ndi kulemera kwa zonse zimene zinapezeka. Ngati kaundula akuti anapezeka makilogalamu awiri okha koma wogulitsa wanu ali ndi chidebe chodzaza, mwayankhidwa kale. Allende, umene unagwa ku Mexico pa 8 Febuluwale 1969, uli ndi timadontho toyera timene ndi zinthu zolimba zakale kwambiri zodziwika m'dongosolo la dzuwa lathu, za zaka pafupifupi 4.567 biliyoni. Kachidutswa kake kopyapyala ngati chikhadabo n'kotheka kukagula munthu wamba. Ine pamenepa m'pamene ndimaona kuti ndalama yagwira ntchito.

Yachitsulo ndiyo imakopa maso. Sikhote-Alin, umene unagwa kum'mawa kwa Russia pa 12 Febuluwale 1947, uli ndi timaenje ngati munthu anadinda chala padothi lonyowa. Campo del Cielo wa ku Argentina ndi wochuluka ndiponso wosaboola m'thumba. Muonionalusta wa ku Sweden akaudula, kuupukuta n'kuuthira asidi, pamatuluka mizere yolukanalukana ngati mkeka, yotchedwa Widmanstätten, imene imapangika pokhapokha chitsulo chikazizira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni; palibe fakitale ingaipange. Koma chikomekome cha mkuyu. Kachidutswa kanga koyamba kachitsulo ndinakasiya pashelefu dzinja lonse, ndikumakaonetsa alendo ndi manja osasamba. Pofika Malichi m'mphepete munali mutatuluka timadontho tabulawuni ngati thukuta, ndipo mizere yokongola ija inayamba kufufutika. Wondigulitsayo sanatchuleko za dzimbiri ngakhale kamodzi. Kwathu kuno, kumene chinyezi chimakhala miyezi inayi kapena isanu, mwala wachitsulo umafuna bokosi lotseka bwino, timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndi kusaugwira ndi manja. Ma pallasite, aja okhala ndi timiyala tobiriwira towala m'kati mwa chitsulo, ndi okongola koposa koma ena amachita dzimbiri moipa kuposa pamenepa. Ngati simungathe kuwasamala, gulani chondrite.

Za ku Mwezi ndi ku Mars ndinene mwachidule: zilipo, n'zenizeni, koma ndalama ya munthu wamba imagula kanyenyeswa koti ukayetsemula katayika, ndipo m'pamene akathyali amadyera kwambiri. Mukafuna, gulani kwa wogulitsa wodziwika, monga mamembala a International Meteorite Collectors Association, ndipo mwalawo ukhale ndi nambala yake m'kaundula.

Chinanso chimene ogulitsa sakonda kukamba ndi malamulo. Gibeon wa ku Namibia, amene anthu a mtundu wa Nama ankasulira zida kalekale, amapezeka pamsika, koma dziko la Namibia linaletsa kutulutsa miyalayi. Wogulitsa woona mtima amakuuzani kuti chidutswa chake chinachokera m'manja mwa ndani ndipo chinatuluka liti. Amene akuzemba funso limeneli musiyeni.

Kukasaka nokha m'chipululu

Iyi ndiyo njira imene aliyense amalota, ndipo ndi imene ndimailimbikitsa pang'ono kuposa zonse. Miyala imagwa paliponse mofanana ndithu. Ku Sahara, ku Oman, ku Atacama kapena ku Antarctica sikugwa yochuluka kuposa ku Ntchisi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kulibe mvula yoiwononga, kulibe udzu woibisa, ndipo mwala wakuda pamchenga woyera kapena pamadzi oundana umaonekera patali. Umatha kukhala pamenepo zaka masauzande ukudikira munthu. Kwathu mwala wotere ukagwa m'munda, chitsulo cha m'kati mwake chimayamba dzimbiri dzinja loyamba lomwelo, khasu limaukwirira, ndipo pakapita zaka sungausiyanitse ndi miyala inzake.

Ku Antarctica iwalaniko: amapita ndi magulu a asayansi, monga pulogalamu ya ku America ya ANSMET imene inayamba mu 1976, ndipo miyala yake ndi yofufuzira, sigulitsidwa. Ku Oman alendo ena anamangidwapo chifukwa chotola miyala popanda chilolezo. Ku South Africa lamulo la 1999 loteteza chuma cha makolo limateteza miyala yakuthambo, moti kuichotsa pamalo, kuigulitsa kapena kuitulutsa kumafuna chilolezo. Abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Cape Town achidziwe chimenechi. Safunsa anadya phula.

Ngakhale utadziwa malo enieni, ntchito yake ndi yakalavulagaga. Pa 2 Juni 2018 ka asteroid kotchedwa 2018 LA kanaoneka ndi makina maola ochepa kasanagwe, ndipo kanaphulika pamwamba pa Botswana. Akatswiri anali ndi mavidiyo, masamu a njira yake, magalimoto ndi alonda a nkhalango ya Central Kalahari owateteza ku zilombo. Ndi zonsezo, kachidutswa koyamba anakapeza patatha milungu itatu, kolemera magalamu 18 okha. Mwalawo unapatsidwa dzina loti Motopi Pan. Ku Sudan mu 2008 anachita kutenga ophunzira ambiri a University of Khartoum, n'kuwandandalika mzere m'chipululu cha Nubia kuti aziyenda phazi ndi phazi, m'pamene anatola zidutswa za mwala wotchedwa Almahata Sitta. Munthu mmodzi wokhala ndi tchuthi cha milungu iwiri ndi maginito omangirira kundodo angayembekezere chiyani? Ndalama ya ulendo woterowo itha kukugulirani miyala yamayina makumi awiri.

Kukhala khutu la kumudzi

Pali kusaka kwa mtundu wina kumene sikufuna pasipoti, ndipo ndi kumene ndikuona kuti kumatiyenera. Anakutchukitsa ndi Harvey Nininger, mphunzitsi wa ku Kansas, amene ataona chimoto chikudutsa kumwamba mu 1923 anayamba kuyenda m'masukulu ndi m'makomo a alimi atanyamula mwala weniweni m'thumba. Ankawaonetsa, kuwalola kuugwira, n'kuwauza kuti akaona wofanana nawo amuuze. Alimi anayamba kutulutsa miyala imene ankatsekera zitseko ndi imene anaiunjika m'mphepete mwa minda. Mwa njira imeneyi anapeza miyala yambirimbiri yosadziwika kale. Iye sanali ndi maso akuthwa kuposa ena. Anangobwereka maso a anthu amene amagwira nthaka tsiku ndi tsiku.

Miyala yodziwika ya m'dera lathu inapezekanso chifukwa anthu anaiona kapena kuimva ikugwa. Wa ku Zomba unagwa mu 1899. Wa ku Machinga unagwa mu Januwale 1981, mwala umodzi wolemera makilogalamu 93. Wa ku Chisenga, m'boma la Chitipa, unagwa mu 1988 ndipo ndi wachitsulo. Ku Zambia kuli wa ku Monze wa 1950. Ku Mbale m'dziko la Uganda, mu Ogasiti 1992, miyala inavumba pa tauni ngati matalala, ndipo kachidutswa kena kanamenya mnyamata pamutu katayamba kawomba masamba a nthochi, iye osavulala. Dziko lathu lili ndi anthu paliponse, ndipo ambiri amakhala panja. Chimene chimasowa si mboni. Ndi munthu amene mbonizo zingamuuze.

Mtengo wa njira imeneyi ndi kuleza mtima, chifukwa pa miyala 100 imene anthu adzakubweretsereni, mwina simudzapeza ngakhale umodzi weniweni. Yochuluka idzakhala zotsalira za m'ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Zimenezi zilipo zambiri m'madera ngati Kasungu ndi ku Nyika: zakuda, zolemera, zooneka zopsa, ndipo zina maginito amazikoka. Chozizindikirira ndi timabowo ngati chisa cha njuchi kapena thovu louma. Mwala wakuthambo sukhala ndi mabowo otere, kupatula ochepa kwambiri amene mwina simudzakumana nawo moyo wanu wonse. Ina idzakhala magnetite kapena hematite, miyala ya pansi pano yokhala ndi chitsulo. Tengani thailosi, mukhutize mwalawo kumbuyo kwake kosasalala: hematite amasiya mzere wofiirira, magnetite wakuda, pamene mwala wakuthambo susiya kanthu kapena umasiya kamzere kotuwa kosaoneka bwino. Kenako palani pakona ndi tupa kapena sandipepa. Mu chondrite mudzaona timadontho tachitsulo tonyezimira ngati siliva tomwazikana, ndipo ndi galasi lokulitsa mutha kuona timibulu tija. Mukaona mwala wa khwatsi woyera kapena mizere yosanjikizana, ndi wa pansi pano. Mayeso onsewa amangothandiza kukana. Kuvomereza ndi ntchito ya labotale, ndipo poyambira kufunsa ndi ku dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba kapena kwa aphunzitsi a za miyala ku yunivesite. Komweko mufunsenso za chilolezo musanaganize zotumiza mwala kunja.

Tsiku limene mwayi udzagwe, zochita n'zochepa koma n'zofunika kuposa mwalawo. Jambulani uli pomwepo musanausunthe. Sungani malowo pa foni. Lembani tsiku, nthawi, kumene phokoso linachokera, ndi mayina a amene anaona. Osautsuka. Utoleni ndi pepala la aluminiyamu kapena kathumba kapulasitiki koyera. Ndipo apa ndikutsutsana ndi zimene ambiri amalangiza: mwala wongogwa kumene musauyandikize maginito amphamvu, chifukwa amafufuta mbiri ya mphamvu ya maginito imene mwalawo wasunga kuyambira pamene unapangika, ndipo sibwereranso. Ku Winchcombe, ku England, mwala unagwa pa 28 Febuluwale 2021 pakhomo pa banja lina, ndipo iwo anautola m'mawa mwake n'kuusunga mwaukhondo mvula isanaunyowetse. Chifukwa cha changu chimenecho asayansi anaupeza uli pafupifupi ngati wotengedwa kuthambo ndi chombo. Komanso musaope kuti utentha: timiyala tating'ono timafika pansi titazizira kale, chifukwa kuyaka kumathera m'mwamba kwambiri.

Kuchita malonda

Ambiri amene amandifunsa za miyalayi kwenikweni akufunsa za ndalama. Anamva kuti mu Julayi 2025 mwala wa ku Mars wotchedwa NWA 16788, wolemera makilogalamu pafupifupi 25, unagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Sotheby's mu New York pamtengo woposa madola 5 miliyoni. N'zoona. N'zoonanso kuti unapezeka ku Niger, ndipo boma la Niger linayamba kufufuza mmene unatulukira m'dzikomo. Nkhani zoterezi ndi za mwala umodzi pa zikwi zambiri.

Malonda enieni ndi otopetsa. Wamalonda amagula mulu wa miyala yosayezedwa, amasankha wooneka wachilendo, n'kutumiza chidutswa ku labotale. Kuti dzina livomerezedwe, ayenera kusiya magalamu 20 kapena gawo limodzi mwa magawo asanu a mwalawo, chimene chili chochepa, kuti chisungidwe kosatha kumalo ovomerezeka. Amadikira miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Akadula mwalawo m'timagawo, gawo lina limatha ngati fumbi la sowo. Kenako amafuna ogula, amene ambiri ali ku America, ku Ulaya ndi ku China, ndipo amakumana pa zionetsero monga cha ku Tucson kumayambiriro kwa chaka, cha ku Munich, ndi cha ku Ensisheim ku France, tauni imene mwala unagwa mu 1492 ndipo chidutswa chake chikusungidwabe. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata wolowa m'bwalo limeneli amayamba ndi mavuto a ndalama zakunja ndi mtengo wotumizira katundu asanapeze phindu lililonse. Ndipo mukamva wina akuti ali ndi mzungu wofuna kugula mwala wanu ndi mamiliyoni, bola muyambe mwapereka ndalama ya "mayeso", gwirani chikwama chanu mwamphamvu. Ndi nyimbo yomwe ija ya red mercury ndi masimbi akale, angosintha mawu.

Kusinthana pakati pa okonda miyala n'kosiyana, ndipo n'kokoma. Uli ndi tizidutswa tiwiri ta Chelyabinsk, mnzako ali ndi tiwiri ta Thuathe, umene unagwa ku Lesotho mu 2002. Mumasinthana, aliyense n'kupereka kapepala kake kakale pamodzi ndi mwala. Timapepala takale timeneti osataya. Mwala umene wadutsa m'manja atatu uli ndi timapepala titatu umalemekezeka kuposa waukulu wopanda kalikonse.

Kusesa padenga

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndiyo yachilendo kwambiri. Chaka chilichonse dziko limalandira fumbi lochokera kuthambo lokwana matani pafupifupi 5,000, timibulu tosakwana theka la milimita. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankati m'tauni simungatipeze chifukwa cha fumbi la anthu. Jon Larsen, woimba gitala wa ku Norway, anakana kuvomereza, ndipo atasesa madenga kwa zaka zambiri, mu 2017 iye ndi wasayansi Matthew Genge anafalitsa zotsatira za timibulu 500 totoledwa m'ngalande za madenga.

Zofunika ndi maginito okutidwa m'kathumba kapulasitiki, sefa, madzi ndi maikulosikopu. Mumatola matope a m'ngalande za denga kapena otsalira pansi pa mgolo wotchingira madzi a mvula, mumatsuka, kuumitsa, kusefa, kudutsitsa maginito, n'kukhala pansi maola ambiri mukuyang'ana kambewu kamodzikamodzi. Ndiyenera kuchenjeza: pafupifupi kambulu kalikonse konyezimira kamene mudzaone n'kochokera kwa owotcherera zitsulo, ku mabuleki a galimoto kapena ku malata enieniwo. Ngati nyumba yanu yayandikana ndi owotcherera mageti, mudzatola timibulu tokongola mazanamazana, tonse tapadziko pano. Madenga athu amalata otsetsereka amatsukidwanso ndi mvula iliyonse. Abwino ndi akonkire afulati a nyumba zazikulu zakale. Palibe ndalama m'njira imeneyi. Koma kwa mphunzitsi wa sekondale amene ali ndi maikulosikopu imodzi m'labu ndi ana makumi asanu ofuna chochita, sindikuona ina yoiposa, ndipo malo ndi tsiku amazidziwa bwino lomwe chifukwa anatola yekha.

Wokonda zamakompyuta atha kuyang'ana kumwamba m'malo mwa pansi. Global Meteor Network ndi gulu la anthu wamba oika makamera otsika mtengo panja, olumikizidwa ku kakompyuta ka Raspberry Pi, kujambula thambo usiku wonse. Makamera awiri otalikirana akajambula chimoto chimodzi, masamu amaonetsa kumene chinachokera ndi dera limene zidutswa zagwera. Wa ku Winchcombe njira yake inawerengedwa ndi makamera a mtundu umenewu. Chovuta kwathu ndi magetsi ndi intaneti yosadukiza. Popanda sola ndi batire, kamera idzakhala yozima usiku womwe ikufunika.

Nanga ine ndingasankhe ziti?

Ndikanati ndiyambirenso lero, ndikanagula miyala iwiri yokha: NWA wotchipa wokula ngati dzira la nkhunda woti aliyense azigwira ndi kupala, ndi kachidutswa kamodzi kadzina kokhala ndi pepala lake. Yachitsulo ndikanadikira kufikira nditakhala ndi bokosi labwino. Ndalama ya ulendo wa m'chipululu ndikanaisandutsa ya basi yopita ku Mbozi, kum'mwera kwa Tanzania, kufupi ndi msewu wa Mbeya kupita ku Tunduma, kumene kuli chimwala chachitsulo chotalika mamita atatu, cholemera matani pafupifupi 16, chimene eni dera amachitcha Kimondo. Kwa wa ku Karonga kapena ku Chitipa ndi pafupi kuposa Blantyre. Amene ali ndi njira ya ku Namibia akaone Hoba, kufupi ndi Grootfontein, wa matani pafupifupi 60, wamkulu kuposa yonse yodziwika padziko, amene chipezekereni mu 1920 sanasunthidwepo. Malonda ndikanawasiyira eni ake.

Nthawi yotsalayo ndikanachita za Nininger, ndipo ndi zimene ndikuchita. NWA wanga amayenda m'thumba la jekete kulikonse ndikupita. Malume aja tsopano ndiwo akazitape anga kumudzi. Mwezi watha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: chimwala chakuda, chobowokabowoka, atachikhazika pampando ngati mlendo. "Mphwanga, uwu ndiye wochokera kumwamba ndithu, mnyamata wa a Nabanda waupeza polima." Ndinawayankha kuti ndi wa m'ng'anjo ya makolo, koma asautaye, ndipo alembe pamene anaupeza. Anandiyankha kuti analemba kale, pachikuto cha kope la mdzukulu wawo, ndi tsiku lomwe.